Mafuta a pansi pa Nyanja ya Malawi: zomwe anthu a kugombe amawerengera asanavomere kapena kukana

Funso loti kodi tikumbe mafuta pansi pa Nyanja ya Malawi limayankhidwa malinga ndi pomwe munthu waima. Dalaivala wa minibasi amene wagona masiku awiri pa mzere wa mafuta ku Lilongwe sachedwa kuyankha: kumbani, tavutika mokwana. Mwini khoka la chilimira ku Ngara kapena ku Chilumba m'boma la Karonga amayamba wakhala chete. Naye mafuta amawafuna, poti injini ya boti lake siyendera madzi, ndipo petulo akasowa amakagula wa m'zigubu pamtengo wowawa. Koma amadziwa kuti chitsimecho chikakumbidwa chidzakhala m'munda mwake mwenimweni, pomwe siginala wake amayatsa nyali usiku kuitana usipa.

Mpaka lero palibe chitsime cha mafuta ngakhale chimodzi chomwe chakumbidwa pansi pa nyanjayi. Komabe nkhaniyi imagona n'kudzukanso nthawi iliyonse mafuta a galimoto akasowa kapena ndalama zakunja zikathina, ndipo ikadzuka a kugombe amanenedwa kuti ndi amantha, okana chitukuko chifukwa chosadziwa. Ife tikuona kuti munthu wa kugombe amachita masamu, ndipo masamu akewo ngolondola. Chomwe angataye chili pakhomo pake ndipo chingatayike usiku umodzi. Chomwe akulonjezedwa chili kutali ndipo chidzadutsa m'manja ambiri chisanamufike. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Chiyembekezo cha mafuta chili ndi pogwira. Nyanja yathu ili m'chigwa chachikulu chong'ambika cha kum'mawa kwa Africa, momwenso muli nyanja ya Albert, komwe Uganda idapeza mafuta mu 2006. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri a ku yunivesite ya Duke ku America adayeza pansi pa nyanja yathu n'kupeza kuti matope ndi mchenga zomwe zakhala zikuunjikana kwa zaka mamiliyoni n'zokhuthala makilomita angapo malo ena. Mafuta amapangika m'matope otere, ndere ndi tizilombo takufa zikakwiririka mozama n'kuphikidwa ndi kutentha kwa pansi. Koma matope okha sakwanira. Pamafunika mwala wa timabowo wosunga mafutawo, ndi mwala wina wolimba pamwamba pake wowatsekera kuti asathawe. Chimodzi chikasowa chitsime chimatuluka chouma, ndipo m'madera omwe sanakumbidwepo zitsime zoyamba zambiri zimaumadi.

Boma lidadula dziko lino m'zigawo 6 zofufuziramo mafuta. Mu Seputembala 2011, patangotha miyezi iwiri chichitikireni zionetsero za pa 20 Julayi zomwe mwa zina zidabuka chifukwa cha kusowa kwa mafuta, boma la Bingu wa Mutharika lidapereka chigawo 2 ndi 3, kumpoto ndi pakati pa nyanja, ku kampani ya ku Britain ya Surestream Petroleum. Zigawo zina zidapita ku SacOil ya ku South Africa, RAK Gas ya ku United Arab Emirates ndi Pacific Oil, ndipo pambuyo pake Hamra Oil idalowa m'zigawo za Surestream. Mu 2012 Tanzania idadzutsa mkangano wakale wa malire, ikunena kuti theka la nyanja kumpotoko ndi lake, pomwe Malawi imaima pa pangano la Britain ndi Germany la 1890 lomwe lidaika malire pa gombe la kum'mawa. Atsogoleri akale a Mozambique, South Africa ndi Botswana, Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae, adayesa kukhala amkhalapakati koma zokambirana zidaima osamvana. Pa 12 Meyi 2014, kutatsala masiku 8 kuti anthu akavote, boma lidasainirana ndi ena mwa makampaniwa mapangano a kagawidwe ka mafuta. Boma latsopano la Peter Mutharika lidaimitsa ziphaso zonse kumapeto kwa chaka chomwecho kuti liunike momwe zidaperekedwera, n'kudzatsegulanso mu 2016.

Munthu wa ku Usisya kapena ku Makanjira zonsezi adazimvera pa wailesi, zitachitika kale. Apa ndi pomwe kukayika kudamera mizu.

Chomwe chimachitika pamadzi

Kufufuza mafuta kumayamba ndi ndege yomwe imauluka motsika ikuyeza kulemera ndi maginito a miyala ya pansi. Imeneyi sivulaza kanthu, kungoti anthu akaiona ikuzungulira osauzidwa chomwe ikufuna, mphekesera zimayenda kuposa ndegeyo.

Gawo lachiwiri ndi lomwe limafika pa mphika wa msodzi. Sitima imakoka mifuti ya mpweya yomwe imaphulika m'madzi pafupifupi masekondi 10 aliwonse, usana ndi usiku, kwa masabata kapena miyezi. Phokosolo limalowa m'miyala ya pansi n'kubwerera, ndipo limalandiridwa ndi timakina tomangiriridwa ku zingwe zotalika makilomita angapo zomwe sitimayo ikukoka. Sitima yotere imayenda makilomita pafupifupi 8 pa ola ndipo siingaime kapena kukhota mwadzidzidzi, apo ayi zingwe zimira kapena kupiringizana. Ndiye chilichonse chili m'njira mwake chimayenera kuchoka: matchera otcheredwa madzulo, mabwato, chilimira chomwe chazinga kale nsomba.

Ku Norway, kafukufuku wa m'nyanja ya Barents wa m'zaka za m'ma 1990 adapeza kuti nsomba zogwidwa zidatsika ndi pafupifupi theka mifuti yotere ikulira, ndipo patatha masiku 5 italeka zidali zisanabwerere mwakale. Nsombazo sizidafe, zidathawa. Kwa kampani imeneyi ndi nkhani yabwino. Kwa msodzi wa bwato la nkhafi, amene sangazilondole makilomita 30, nsomba yothawa ndi nsomba yakufa n'chimodzimodzi. Kuno kulinso china chomwe ku Norway kulibe: chambo, utaka ndi mbuna zimasunga mazira ndi ana m'kamwa, ndipo zikadzidzimuka zimatha kulavula. Asodzi amaletsedwa kukoka makoka mu Novembala ndi Disembala kuti chambo chiswane. Akafunsa ngati sitima ya mifutiyo nayo idzaime miyezi imeneyo, akufunsa funso lomwe katswiri aliyense wa nsomba angafunse.

Kukumba kwenikweni kumabwera pambuyo, ngati zithunzi za pansi zalonjeza kanthu. Chitsulo cha mano chimazungulira n'kumaboola, kwinaku matope olemera osakanizidwa mwapadera akupopedwera m'dzenjemo. Matopewa amaziziritsa chitsulo, amakweza zinyenyeswa za miyala, koma ntchito yake yaikulu ndi kupondereza gasi ndi mafuta kuti zisakwere zokha. Akakumba kagawo amalowetsa paipi yachitsulo n'kuimata ndi simenti, kenako n'kupitiriza ndi paipi yocheperako. Pakamwa pa chitsime pamakhala chitsekero chachikulu chotchedwa blowout preventer, chomwe chimatha kudula paipi n'kutseka dzenje zinthu zikavuta. Pozungulira nsanja yokumbira pamaikidwa malire a mamita 500 omwe bwato lililonse sililoledwa kulowa.

Ngozi yaikulu imachitika zolakwika zingapo zikakumana: matope apepuka, simenti sinagwire bwino, ogwira ntchito awerenga molakwika mageji, chitsekero chakanika. Zotere zidachitika pa nsanja ya Deepwater Horizon ku Gulf of Mexico mu Epulo 2010. Anthu 11 adafa, chitsime chidakha masiku 87, ndipo migolo yoposa 3 miliyoni idalowa m'madzi, mgolo umodzi kukhala malita 159.

Tisanamizane, ngozi zazikulu chotere n'zosowa. Zitsime zikwizikwi zimakumbidwa padziko popanda kuphulika. Nkhawa ya a kugombe ili pa funso lina: zikachitika kuno, adzazimitsa ndani, ndi chiyani?

Nyanja ya Malawi ili ngati mtsuko. Ndi yotalika makilomita oposa 560, yakuya pafupifupi mamita 700, koma khomo lake lotulukira ndi limodzi, mtsinje wa Shire ku Mangochi. Madzi ambiri amachoka pouma ndi dzuwa, ndipo madzi akauma zoipa zimatsala. Otuluka kudzera mu Shire ndi ochepa moti kuti nyanja yonse itsukike pangafunike zaka mazana angapo. Kutsika kupitirira mamita pafupifupi 250 m'madzi mulibe mpweya, ndipo tizilombo tomwe timadya mafuta m'nyanja zamchere timagwira ntchito msanga pokhapokha mpweya ulipo. Chomwe chamira pansi pamenepo chimakhalitsa.

Pamwamba palinso mwera. Kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti mphepoyi imawomba kuchokera kum'mwera n'kumakankha madzi a pamwamba kuloza kumpoto, ndi mafunde omwe ngakhale alovi, asodzi ogwira ntchito m'mabwato odziwa nyanja, amawapatsa ulemu. Mipanda yoyandama yotchingira mafuta otayika imayamba kulephera mafunde akapitirira mita imodzi, ndipo ngakhale nyengo ili bwino, zomwe zimawoledwa pamadzi otseguka kawirikawiri sizipitirira magawo 10 kapena 15 pa 100 alionse. Mankhwala omwaza mafuta omwe amathiridwa m'nyanja zamchere sayenera m'madzi akumwa, pomwe tauni ya Karonga imamwa nyanja yomweyi ndipo Blantyre imapopa madzi a Shire pa Walker's Ferry.

Zida zopulumutsira nazo zilibe njira. Sitima ya m'nyanja yamchere siingakwere Shire chifukwa cha mathithi. Ilala imene idabwera zidutswazidutswa kuchokera ku Scotland n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay, komwe idalowa m'madzi mu 1951. Chivindikiro chachitsulo chotsekera chitsime chophulika chimalemera matani makumimakumi, ndipo chomwe chili kuno kum'mwera kwa Africa chimasungidwa ku Saldanha Bay, ku South Africa. Chivindikirocho chikakanika pamafunika kukumba chitsime chachiwiri chokumana ndi choyambacho pansi, kutanthauza nsanja yachiwiri, yomwe pa nyanja yathu palibe. Mu 2005 akatswiri a sayansi adakwanitsa kukumba ali pa sitima ya Viphya, pamadzi akuya mamita 592, n'kulowa mamita 380 m'matope pofuna kuphunzira za nyengo zakale. Chitsime cha mafuta chimalowa makilomita. Onjezeranipo kuti chigwachi chimagwedezeka: Salima idaona chivomezi mu 1989, Karonga mu Disembala 2009.

Mu 2017 Peter Mutharika adati ntchito ipitirira koma kukumba kudzachitikira pamtunda. Luso limenelo lilipodi. Chitsime chimayambira pagombe, n'kukhota pansi, n'kuloza kunyanja, monga momwe Uganda ikuchitira pa munda wa mafuta wa Kingfisher m'mbali mwa nyanja ya Albert. Lusoli limachepetsa kwambiri ngozi ya pamadzi. Malire ake ngakuti zitsime zotalikitsitsa padziko lonse zimafika makilomita 10 mpaka 15 chammbali, pomwe nyanja yathu malo ena ndi yotambalala makilomita 75. Komanso limasamutsira vuto kumtunda: nsanja, misewu, maiwe a matope ndi misasa ya antchito zimafuna malo, ndipo malo a m'mphepete mwa nyanja ndi omwe kuli midzi, madimba a mpunga ndi chinangwa, mathandala oyanikira nsomba ndi manda.

Karonga idaona kale

Palibe chomwe chimaumba maganizo a anthu a kumpoto pa nkhani ya mafuta kuposa migodi yomwe adaiona ndi maso. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera udatsegulidwa ndi kampani ya ku Australia ya Paladin mu 2009. Boma lidatenga magawo 15 pa 100 a umwini, n'kutsitsa msonkho wa pa miyala yogulitsidwa kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 1.5 m'zaka zitatu zoyamba, kenako 3. Panganolo lidakhala lobisika kwa zaka. Kampaniyo idamanga malo oyeretsera madzi a tauni ya Karonga ndipo anthu adapeza ntchito, koma mu 2014 mitengo ya yureniyamu itagwa mgodi udaima ndipo ambiri adabwerera kumudzi. Mu 2015 bungwe la ActionAid lidawerengera kuti dziko lidataya madola 43 miliyoni m'zaka 6 kudzera m'misonkho yochotseredwa ndi njira zina, zomwe kampaniyo idatsutsa. Ku Mwabulambo, mgodi wa malasha wa kampani ya Eland udatsekedwa mu 2015 n'kusiya maenje odzaza madzi pafupi ndi midzi, zomwe bungwe la Human Rights Watch lidalemba mu 2016.

Munthu amene waona zimenezi akamva mawu oti luso lamakono ndi ntchito kwa achinyamata, amakumbukira kuti adawamvapo. A ku Nkhata Bay ndi ku Mangochi nawo amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Komatu a kugombe si a mtima umodzi. Mnyamata wa satifiketi ya Fomu 4 amene akukoka khoka poti palibe china chochita, akuona chambo chikuchepa chaka ndi chaka, amafuna kampaniyo ibwere mawa. Mwini nyumba za lendi pa Karonga boma amakumbukira momwe mitengo idakwerera nthawi ya Kayelekera. Ena amaona kukumba ngati njira youzira Tanzania kuti nyanja ndi yathu yonse. Eni malo ogona alendo ku Cape Maclear amaopa, pamodzi ndi UNESCO, yomwe idaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 ndipo yachenjezapo za kufufuza mafuta m'nyanjayi. Amene amamveka pang'ono kuposa onse ndi amayi a geni ya nsomba, omwe amafika padoko mbandakucha ndi mabeseni, kugula usipa, kufutsa, kuyanika pa thandala n'kukagulitsa ku Mzuzu kapena ku Limbe. Asodzi m'dziko muno ndi oposa 60,000, koma odya kudzera mu nsomba ndi mazana a zikwi, ndipo ambiri mwa iwo sakwera bwato.

Misonkhano yofunsa maganizo a anthu ndi pomwe zinthu zimasokonekera, nthawi zambiri popanda wina kufuna zoipa. Uthenga umadutsa kwa DC, kupita ku khonsolo, kwa a T/A, kwa a gulupu, ndipo pofika kwa anthu umakhala utasanduka chidziwitso chabe. Msonkhano umaitanidwa 9 koloko m'mawa, nthawi yomwe alovi otuluka m'madzi usiku wonse akugona ndipo amayi ali kalikiliki kuyanika nsomba isanawole. Lipoti la momwe ntchitoyo ingakhudzire chilengedwe limakhala la masamba mazana, m'Chingerezi, pomwe pagombepo akuyankhula Kyangonde, Chitumbuka, Chitonga kapena Chiyao. Obwera amalandira alawansi n'kusaina pepala, ndipo pepala la alawansilo limadzawerengedwa ngati umboni woti anthu adavomera. Asodzi oyendayenda, omwe amasamuka ndi usipa kuchoka doko lina kupita lina, sali m'kaundula wa mfumu iliyonse pamenepo ndipo saitanidwa n'komwe. Otsala kunyumba amadalira zowauza anzawo, ndipo kandimverere adakanena za m'maluwa.

Ku South Africa nkhani yotere idafika kukhoti. Mu Disembala 2021 khoti lalikulu la ku Makhanda lidaimitsa kampani ya mafuta ya Shell kuombera mifuti ya mpweya ku gombe la Wild Coast, ndipo mu 2022 lidagamula kuti anthu sadafunsidwe moyenera. Zidziwitso zidatuluka m'nyuzipepala za Chingerezi ndi Chiafrikaans, anthuwo akuyankhula Chixhosa, ndipo khoti lidati kuyankhula ndi mafumu okha sikufunsa anthu.

Ndalama zimayenda bwanji

Pangano la kagawidwe ka mafuta msodzi amalimva msanga kuposa wa m'tauni, chifukwa ndi momwe chilimira chimayendera. Nsomba zikagulitsidwa, mwini zida amayamba wachotsa za petulo, za mabatire a nyali ndi za chakudya, ndipo zotsalazo ndi zomwe amagawana ndi alovi. Kampani ya mafuta nayo imalipira kamsonkho koyamba, kenako imabweza ndalama zonse zomwe idalowetsa pofufuza, pokumba ndi pomanga, ndipo chotsala ndi chomwe imagawana ndi boma. Mlovi aliyense amadziwa kuti mwini zida akakweza mtengo wa petulo m'buku mwake, gawo la alovi limafota. Chitetezo cha dziko chili pa zinthu ziwiri: malire a kuchuluka kwa mafuta omwe kampani ingatenge chaka chilichonse pobweza ndalama zake, ndi akatswiri a boma otha kufufuza mabuku a kampaniyo mzere ndi mzere. Pangano likabisika, palibe angadziwe ngati ziwirizi zilimo.

Woyembekeza kuti mizere ya pa filing'i siteshoni itha ayeneranso kumva izi. Chotuluka pansi ndi mafuta osayenga, sungathire m'galimoto. Malawi ilibe fakitale yoyengera, ndipo petulo ndi dizilo wathu amalowa kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Mafuta okumbidwa kuno angayambe atuluka, n'kubwerera pamtengo wa msika wa dziko lonse. Phindu lake lenileni ndi ndalama zakunja, ndipo zimachedwa. Uganda idapeza mafuta mu 2006 koma patatha zaka 18 idali isanayambebe kugulitsa kunja, ikumanga paipi ya makilomita 1,443 yopita ku Tanga ku Tanzania, yomwe iyenera kumatenthetsedwa njira yonse poti mafuta akewo amaundana ngati phula akazizira. Ntchito nazo zimachuluka nthawi yomanga yokha. Za eni dera zimakhala zaulonda, zolambula, zophika ndi zoyendetsa galimoto, pokhapokha achinyamata ataphunzitsidwa kuwotcherera mapaipi ndi zamagetsi zaka zingapo ntchito isanayambe.

Ziphaso zonse zija zidaperekedwa pansi pa lamulo la mafuta la 1983, lomwe silinena za gawo la anthu a m'dera, pomwe lamulo la migodi la 2019 lidabweretsa mapangano a chitukuko pakati pa migodi ikuluikulu ndi midzi yoizungulira. Chipukutamisozi nacho chimawerengera nyumba, mitengo ya zipatso ndi mbewu za m'munda. Madzi alibe mwini wolembedwa, ndipo msodzi amene wataya masabata 6 a usipa alibe pepala losonyeza zomwe akadapha.

Apa pali chomwe makomiti a m'madoko, ma BVC, angayambe popanda kudikira aliyense. Choyamba, lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zidziwitso, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, limalola munthu aliyense kulembera unduna kupempha chiphaso, pangano ndi lipoti la zachilengedwe, ndipo Malawi ili mu mgwirizano wa EITI kuyambira 2015, womwe umafuna kuti zolipira za makampaniwa zizilengezedwa. Chachiwiri ndi kope wamba la pasukulu. Tsiku lililonse palembedwe deti, kukula kwa mwezi kumwamba, mphepo yomwe yawomba, mabwato angati alowa, adakaponya kuti, ndowa zingati za usipa kapena utaka zatuluka, ndi mtengo wa ndowa imodzi. Kalemberayu achitike zaka ziwiri zathunthu kuti mwera ndi dzinja zonse zilowemo kawiri, ndipo mlangizi wa za usodzi wa m'deralo azisaina mwezi ndi mwezi. Amayi a pa thandala akhale ndi kope lawolawo, lolemba zomwe agula ndi zomwe agulitsa, chifukwa chipukutamisozi chikadzabwera chimayamba chafika kwa eni mabwato.